Mmene Tinaikongoletsera Holo Yathu Mpaka Kuigwetsa

Ndinabadwira m'banja la mkulu wa mpingo, choncho kulumbira sindinaphunzire. Koma ndikanakhala wolumbira, pa nkhani iyi ndikanalumbira mpaka lilime kuuma, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muyamba kupukusa mitu tisanafike n'pakati pomwe. Zonse zimene ndilembe pano zinachitika. Wokayika akwere minibasi ya ku Nsaru, akatsike asanafike ku Kabudula, akafunse aliyense amene wamera imvi.

Pa tredingi yathu panali holo. Inamangidwa ine ndisanayambe sukulu, ndi njerwa zimene makolo athu anaumba ndi kuotcha okha. Mmodzi mwa oumba njerwazo anali atsibweni anga, alongo awo a mayi anga. Holo itatha anawasankha kuti aziiyang'anira, ndipo sanaisiyenso. Akazi awo ankanena poyera, ngakhale pamaliro, kuti iwo ndi mkazi wachiwiri, wamkulu ndi uja wa malata pamutu. Atsibweni sankatsutsa.

Mu holo imeneyo munachitika zinthu. Loweruka masana munkakhala nkhonya. Bwalo lake linali zingwe zomangira ng'ombe zokulungidwa pa mitengo inayi. Ndinaona ndi maso angawa mnyamata wina wa ku Mpingu akumenya mkulu woyendetsa ngolo chibakera chimodzi chokha. Mkuluyo anagwa fodya ali kunazale, anadzuka akufunsa ngati mabelo apita ku okushoni. Sindikuwonjezera. Ngati pali chimene ndachita, ndachepetsa.

Kunkabweranso mabandi a m'tauni ndi jenereta yawo pa lole. Akayatsa masipika, nkhuku zonse za pa tredingi zinkaikira kawiri patsiku chifukwa cha mantha. Mipikisano ya makwaya inkachitikira momwemo: a Katolika mbali iyi, ife a Pulesibeteriya mbali iyo, woweruza pakati akutuluka thukuta. Matipate atalowa, holo inagwira ntchito kuposa kale. M'mawa chipani ichi, masana chipani icho, atsibweni akungosintha nsalu ya patebulo. Kenako kunabwera kanema wa mpira wa kunja, maukwati, ndi mipingo yatsopano yofuula kuposa mabandi aja. Aliyense ankalowa, kuvina, kuponda, n'kutuluka. Wokonza panalibe.

Nthawi imene ndikunenayi ndinali mphunzitsi pa pulayimale ya pafupi, wa ana atatu kale, komanso mlembi wa komiti ya holo. Ndiye zimene ndinene za mmene inalili, ndikunena monga munthu wa udindo.

Denga linkadontha moti mvula ikayamba, anthu ankatuluka mu holo kukabisala pansi pa mtengo wa mango. Ikasiya kunja, mkati inkapitiriza kwa ola lathunthu. Kukhoma la kumbuyo kwa siteji kunali mng'alu wochokera kudenga mpaka pansi, ndipo mbuzi inkalowera pamenepo osagunda nyanga. Mitanda ya denga inadyedwa ndi chiswe. Pa mphindi ya pemphero, anthu akakhala chete, munkachimva chikutafuna. Atsibweni anachirikiza dengalo ndi mphanda za bulugamu, chaka chino imodzi, chaka chamawa ziwiri, mpaka mkatimo munayamba kuoneka ngati chigafa cha fodya. Iwo anali atakalamba, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi: holo ikonzedwe iwo akadali ndi maso. Osati ina, yomweyo.

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera ku bungwe lina la m'tauni lokonza maholo ndi mabwalo akale a m'midzi. Inati atumiza injiniya kuti adzaone maholo angapo a m'dera lathu ndi kujambula zithunzi, ndipo imene ipezeke yowonongeka kwambiri ndiyo ikonzedwe. Ndinawerenga kalatayo pamaso pa komiti yonse. Ndinaiwerenga kawiri. Mawu oti “yowonongeka kwambiri” ndinawatchula pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa sitandade wanu. Onse anagwedeza mitu. Atsibweni anavula chipewa n'kuyang'ana kudenga, kachidutswa ka mtanda n'kuwagwera m'diso.

“Apa ndiye tawina,” anatero mkulu wina. “Holo yoipa kuposa iyi kulibe.”

Tinaomba m'manja. Tikanabalalika pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma apampando athu, amayi a lesitilanti ya pafupi ndi chigayo, anafunsa funso limodzi.

“Aphunzitsi, ndiye mlendoyo akubwera liti?”

Mawu akuti mlendo atangolowa m'chipindamo, nzeru zonse zinatulukira pa mng'alu uja.

Inu amene munakulira kwina mwina simungamvetse. Kwathu mlendo saona choipa. Akamabwera timasesa mpaka kumsewu, galu wa zilonda timakamumangirira kudimba, mipando timabwereka, mpando wothyoka timaukhalira eni ake kuti usaoneke. Akafunsa kuti muli bwanji, timati tili bwino, ngakhale wodwala akubuula kuseri kwa chitseko. Si bodza ayi, ndi ulemu. Zimenezi sitiganiza n'komwe, manja amangoyamba okha.

“Lachinayi la sabata yamawa,” ndinayankha.

“Mayo ine! Ndiye munthu achoke ku Lilongwe adzakhale mu khola ili? Adzatiyesa anthu otani?”

“Akafotokoza kwawo kuti kuno kulibe akuluakulu,” anatero atsibweni, nkhope itagwa.

Mukuganiza kuti ine, mphunzitsi, amene ndinali ndi kalata m'manja, ndinaimirira n'kuwaletsa? Ndinaimirira ndithu. Ndinati njereza yabwino ili pa Nsaru, ndipo ndikhoza kukatenga ndekha panjinga. Mpaka lero ndikakumbuka, ndimasiya chimene ndikuchita n'kukhala pansi.

Masiku asanu ndi limodzi tinagwira ntchito imene sitinaigwirepo chimangireni holoyo. A Katolika ndi a Pulesibeteriya ananyamula ndowa imodzi. Amuna anakwera padenga n'kumata mabowo ndi phula. Mng'alu waukulu tinaudzaza zidutswa za njerwa ndi matope, n'kusalaza bwinobwino. Ming'alu ing'onoing'ono amayi anaizira ndi manja ngati akuzira khonde. Pamwamba pake njereza, kawiri. Kudenga tinakhoma ziguduli zosokerera pamodzi kuti mitanda isaoneke, n'kuzipakanso njereza, zikuoneka ngati siling'i ya kubanki. Mphanda za bulugamu tinazikulunga zitenje, n'kumangirira maluwa ndi masamba a nthochi. Mileme tinaithamangitsa ndi utsi wa tsabola. Miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa njereza, mitengo inapakidwa mpaka m'chiuno. Bulu wa mkulu wina anaima nthawi yaitali pafupi ndi khomo, nayenso anapakidwa miyendo iwiri. Funsani mwini wake.

Lachitatu madzulo tinaima patali kuiyang'ana. Inkawala moti oyenda panjinga ankaphimba maso. Atsibweni analira.

“Mphwanga,” anatero, “umu ndi mmene inalili tsiku loitsegula.”

Lachinayi galimoto inafika cha m'ma teni. Apampando anathamangira dalaivala, bambo wa mimba yake, n'kumuveka nkhata ya maluwa. Dalaivalayo analoza kumbuyo. Kunatsika mayi wachitsikana, wovala buluku ndi jombo, kamera m'khosi, kanyundo kakang'ono m'manja. Ameneyo ndiye anali injiniya. Nkhata inasamutsidwa mwaulemu.

Anayang'ana holo, anayang'ana pepala lake, anayang'ananso holo.

“Pepani, holo yakale ija ili kuti?”

“Ndi yomweyi, madamu,” anatero atsibweni, atavala jekete la ukwati wawo. “Takulandirani.”

Anatiuza kuti ali ndi nthawi yochepa chifukwa akuyenera kukafika cha ku Nambuma dzuwa lisanapendeke. Tinati palibe vuto, pulogalamu yathu ndi yaifupi. Tinamukhazika pa sofa yobwereka kwa a sitolo. Panali pemphero. Panali mawu a apampando. Panali mbiri ya holo, imene ndinalemba ine, masamba anayi. Panali chimtali. Mayiyo ankangoyang'ana wotchi. Mapeto ake anaimirira yekha n'kuyamba kuyenda kulowera kukhoma la kumbuyo.

Kumeneko tinali titaimikako kwaya. Sitinapangane kuti ibise mng'alu ayi, tinangoona kuti ndi pamene pangaoneke bwino. Koma atayandikira, oimba anathithikana phewa ndi phewa n'kuyamba nyimbo ya ndime zisanu ndi zinayi. Mayiyo anapita kumanja, kwaya inavinira kumanja. Anapita kumanzere, inavinira kumanzere. Anabwerera.

Anafika pa mphanda imodzi n'kukweza kanyundo kake. Atsibweni anamugwira dzanja mofatsa.

“Iyayi, madamu, mlendo sagwira ntchito. Mungadetse zovala.”

“Agogo, ntchito yanga ndi yomweyi. Kodi denga ili silidontha?”

“Aa, mwa apo ndi apo. Kadontho chabe.”

“Nanga mitengo iyi ndi yachiyani?”

“Yokongoletsa,” anayankha apampando msangamsanga.

“Ndiye vuto lanu lenileni ndi chiyani pa holo ino?”

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula. Pakamwa panga panatseguka, ndikukumbuka bwino. Koma anthu onse anali chete, mlendo ali pakati pathu, maluwa akununkhira. Kunena kuti chiswe pamalo ngati amenewo kunali ngati kutukwana m'tchalitchi.

“Mavuto salephera, mwanawe,” anatero apampando akumwetulira, “koma tikuthokoza. Mwina timipando.”

Mayiyo analemba kanthu m'buku lake. Anajambula zithunzi kunja ndi mkati, ife titandanda kutsogolo ngati pa ukwati. Tinamupatsa nkhuku yamoyo ndi thumba la mtedza. Galimoto itanyamuka tinaimba mpaka fumbi litatha, kenako tinagwirana chanza.

“Sanaone kanthu,” anatero atsibweni mosangalala. “Olo kamng'alu kamodzi.”

Ndi pamene ndinatulutsa kalata ija m'thumba n'kuiwerenga kachitatu, chamumtima. Sindinauze munthu. Ndinapita kunyumba n'kukagona ndi nsapato, dzuwa lili pamutu.

Yankho linabwera patapita milungu ingapo. Linatiyamikira kwambiri chifukwa chosamalira bwino holo yathu, n'kutidziwitsa kuti thandizo lapita ku holo ina ya cha ku Nambuma. Tinamva pambuyo pake kuti tsiku limene injiniya anafika kumeneko, mudzi wonse unali kumaliro. Sanamulandire ndi munthu mmodzi yemwe. Anapeza chitseko chili pansi, mbuzi zikugona pa siteji, n'kujambula mwamtendere.

Nditamaliza kuwerenga, m'komiti munali zii. Chiswe chokha ndicho chinkamveka, kuseri kwa ziguduli.

“Bwerezani, aphunzitsi,” anatero apampando.

Ndinabwereza.

“Ndiye kuti apatsa anthu amene sanamupatse mlendo ngakhale madzi akumwa?”

“Eya, amayi.”

“Ife nkhuku ija?”

“Inapita, amayi.”

Atsibweni anakhala atagwira chipewa pa mawondo, pakamwa pali yasa, mpaka tonse tinatuluka. M'mawa mwake anandipeza kusukulu ndisanalowe m'kalasi.

“Mphwanga, tiye ku Lilongwe. Tikamuuze mwana uja kuti tinalakwitsa.”

Tinakwera minibasi pa Nsaru. Ofesi ya bungwelo inali pamwamba pa sitolo ina, ndipo titangolowa tinaima chilili. Pakhoma, moyang'anana ndi khomo, panali chithunzi chachikulu cha holo yathu, choikidwa mu galasi. Ife tonse tinali pamenepo, mano panja, bulu uja akuonekera pakona. Pansi pake analembapo kuti ichi ndi chitsanzo cha mudzi wodziwa kusamalira zinthu zake.

Ndikunena zoona, atsibweni anawongola jekete. Kwa kamphindi anaiwala chimene tinabwerera. Anagwira mlonda wa pakhomo pamkono n'kumulozera kuti, “Uyo ndine.”

Injiniya uja anatizindikira n'kutilowetsa. Atsibweni anayamba ndi moni wautali, anafunsa za makolo ake, anafunsa ngati nkhuku inafika bwino. Nditaona kuti tibwerera osanena kanthu, ndinalowerera. Ndinafotokoza zonse: matope, ziguduli, zitenje, kwaya. Mayiyo anagwira kukamwa.

“Ndinkakayika ndithu,” anatero. “Njereza inali isanaume, inandidetsa malaya. Ndinalembamo mu lipoti kuti pakufunika kuonanso. Koma akuluakulu osankha anayang'ana zithunzi. Inu aphunzitsi, kalata munaiwerenga?”

“Katatu, madamu.”

“Ndiye munabisiranji?”

Ndinayang'ana atsibweni, atsibweni anayang'ana nsapato zawo.

“Munali mlendo,” anatero motsitsa mawu.

Mayiyo anati za chaka chino zatha, sangazisinthe. Koma mvula ikatha adzabweranso payekha, ndipo sadzatiuza tsiku.

“Koma agogo, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musakhudze kalikonse. Musamate, musapake, musachirikize. Ndidzaipeze mmene ilili.”

“Ngakhale kusesa?”

“Ngakhale kusesa.”

Atsibweni anatuluka mu ofesimo ngati munthu amene amuletsa mchere.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati ili ndi mlandu nafe. Phula linamatuka sabata yoyamba. Ziguduli zinamwa madzi n'kulendewera ngati mimba za ng'ombe, zikukoka mitanda. Matope a mu mng'alu waukulu anafufuma, n'kukankha khoma, kenako anagwa onse tsiku limodzi, n'kusiya mpata woti tsopano mbuzi ziwiri zinkadutsana popanda kupatsana moni. Njereza inatsika m'makoma n'kuyenderera mpaka kumsewu. Atsibweni ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuima pakhomo manja ali m'matumba. Akazi awo anandiuza kuti anachita kusoka matumbawo kawiri, chifukwa zibakera zinkaboola.

Mvula inatha, chimanga chinauma. Tsiku lina Lachiwiri, ndili pakati pophunzitsa, ndinamva phokoso la ndowa. Wakabaza wina anali ataona galimoto ija ikumwetsa mafuta pa Nsaru n'kuimbira foni apampando. Mmene ndinkafika pa holo, amayi anali atafika kale ndi matsache, wina akusungunula njereza yotsala, wina akuthamanga ndi sofa pamutu. Anthu omwe aja. Kalata yomwe ija anaimva, yankho analimva, koma manja anali atayamba okha.

Ndinaima pakhomo n'kutambasula mikono.

“Salowa munthu!”

“Aphunzitsi, chokani apo,” anatero apampando. “Tingochotsa ndowe za mbuzi zokha.”

“Ndowe zomwezo ndi umboni, amayi.”

“Inu mwapenga eti? Mwana wa eni ake aponde zimenezo? Mukufuna atinene kuti ndife nkhumba?”

“Atinene, bola akonze.”

“Tamuonani! Sukulu yomweyi imachotsa ulemu. Tsache limodzi lokha, aphunzitsi, mwachangu, sadziwa.”

Anayamba kundikankha, ndipo amayi a kwathu akakankha, munthu umasuntha. Mmodzi anali atalowetsa kale tsache pansi pa mkhwapa mwanga n'kumasesa mbali imene ankafikira. Ndi pamene atsibweni anafika. Sanavale jekete. Anali ndi malaya akumunda, ong'ambika paphewa. Anayang'ana matsache aja nthawi yaitali, ndipo ndinaona manja awo akufuna kuyamba okha.

“Tulani pansi,” anatero.

“Achimwene, inunso?” anatero apampando.

“Tulani, mlongo wanga. Manyazi ake ndisenza ine.”

Galimoto inafika. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero. Anthu anaima patali atazolika ngati agwidwa akuba. Injiniya anatsika, anayang'ana holo, ndipo ulendo uno sanafunse kuti yakale ili kuti.

Atsibweni anamutsogolera okha. Ine ndinkatsatira ndi buku la komiti, ngakhale sindinalembemo kanthu. Anamuonetsa mng'alu waukulu n'kumuuza chaka chimene unayamba, bandi ina itaika masipika mogundiza khoma. Anang'amba chiguduli n'kumuonetsa mitanda. Anavula zitenje zotsalira pa mphanda n'kunena kuti izi si zokongoletsa, zikachoka denga likhala pansi. Ankalankhula ngati akuulula machimo pamaso pa mpingo, koma sanasiye. Atayamba, zinangotuluka zokha. Anationetsa ndi zimene ngakhale ife a komiti sitinkadziwa. Pakona ya kumadzulo anafukula dothi ndi manja: pansi pa maziko panali dzenje limene madzi anakumba, ndipo iwo akhala akulowetsamo miyala mwakachetechete kwa zaka zambiri. Kenako anatsamira khoma la kumbuyo ndi phewa n'kukankha pang'ono. Khoma linapita, n'kubwerera. Ndinaliona. Linagwedeza mutu ngati likuvomera.

Mayiyo anakwera pa tebulo n'kugogoda mtanda waukulu ndi kanyundo kake. Sikanalire. Kanangolowa, mpaka chogwirira, n'kutsala momwemo. Fumbi linatsika pang'onopang'ono.

Anatsika pa tebulopo mosamala kwambiri, ngati pansi pagona mwana.

“Agogo, aphunzitsi, tiyeni tituluke. Musathamange. Musagunde mtengo uliwonse.”

Kunja anapempha kuti anthu asendere. Analankhula mosazungulira. Anati kuyambira lero mu holo musalowenso munthu, kaya ndi kwaya, kaya ndi ukwati. Anati sakumvetsa kuti yaima bwanji mpaka lero.

“Ndiye muyamba liti kukonza?” anafunsa atsibweni.

“Agogo, iyi siingakonzeke. Iyenera kugwetsedwa.”

Wina kumbuyo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za m'tauni. Apampando anakhala pansi pa ndowa ya njereza osaona kuti ilibe chivundikiro.

“Madamu,” ndinatero ine, “chaka chatha munati ndi yabwino kwambiri moti siifunika kukonza. Lero mukuti ndi yoipa kwambiri moti siingakonzeke. Tsiku limene inali pakatikati linali liti, kuti tikanakuitanani?”

“Linali tsiku lomwe lija, aphunzitsi. Mukanandionetsa izi mvula isanagwe, khoma ili tikanalimanga ndi zitsulo, denga tikanasintha. Koma matope munaikamo aja anasunga madzi, ziguduli zinalemetsa mitanda. Mvula imodzi yomweyi ndiyo yamaliza.”

Ine ndinayang'ana manja anga, amene anakatenga njereza pa Nsaru.

Atsibweni anafunsanso, mwaulemu wonse, ngati sangasiye khoma limodzi lokha, la kutsogolo, limene iwo anaumba njerwa zake. Mayiyo anapukusa mutu. Anati chimene angachite ndi kukalimbikira kwa akuluakulu ake kuti pamalo pomwepo pamangidwe holo yatsopano, ndipo ndi zithunzi za lerozi akukhulupirira kuti amumvera. Koma zimenezo zimatenga nthawi. Zaka ziwiri, mwina zitatu.

“Zitatu,” anatero atsibweni, ngati akulawa mankhwala.

Tinaigwetsa tokha mwezi wotsatira. Kunena zoona sitinavutike. Titachotsa malata, tinamanga chingwe pa mphanda imodzi n'kukoka tili kunja, ndipo holo yonse inagwada pansi mwaulemu, ngati mkamwini. Chiswe chimene chinatuluka mmenemo nkhuku za pa tredingi zinadya masiku atatu, zina mpaka kulephera kuyenda. Atsibweni sanabwere. Anatumiza uthenga kuti ali kumunda, koma anthu anawaona atakhala kuseri kwa chigayo, atafulatira, chigayo chikulira kuti asamve.

Mayi uja anasunga mawu ake. Anabwera ndi pepala lalikulu la pulani: holo yaitali, ya mitanda yachitsulo, mkati mwake bwalo la netibo ndi la nkhonya, siteji ya simenti, zimbudzi zamadzi. Anakhoma zikhomo n'kumanga zingwe. Patapita miyezi anabwera anthu n'kukumba ngalande za maziko, n'kupita. Pamene ndikulemba pano ngalandezo zilipo, ndipo akuti njerwa zibwera mvula ikatha. Sananene kuti mvula iti.

Sabata imene anakumba mazikowo, atsibweni anandipeza m'mawa n'kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Ndinadzidzimuka, chifukwa munthu ameneyu chibadwire sanapondeko kuchipatala, kupatula kukaona ena.

“Mwadwala, atsibweni?”

“Ayi. Tiye basi.”

Tinakhala pa benchi mpaka nthawi yathu inakwana. Namwino anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anawapatsa moni n'kufunsa chimene chawabweretsa.

“Ndikufuna mundipime, mwana wanga, mundiuze ngati ndingakwanitse zaka zitatu. Pali chimene ndikudikira.”

Namwino anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga. Anatenga cholembera.

“Chabwino, agogo. Pakupweteka ndi pati?”

“Aa, palibe, tili bwino ndithu, tikuthoko...”

Anaima pakati pa mawu. Anayang'ana chipewa chawo. Kenako anachiika pambali, n'kuyamba kupinda buluku mwendo wakumanzere.

“Iyayi. Lembani. Tiyambe ndi bondo ili.”